Kolera M'nyengo ya Dzinja: Momwe Imafalira ndi Momwe Mlimi Angaitsekere Njira

Mawu oyamba

Mvula ikayamba, maganizo a mlimi aliyense amakhala pa munda: tidzala liti, mbewu yamera bwanji, fetereza timupeza kuti, udzu tipalira ndi ndani. Koma miyezi yomweyi, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi imenenso matenda a kolera amavuta kwambiri m'dziko muno. Matendawa akalowa pakhomo ntchito ya kumunda imaima. Wina wagonekedwa ku chipatala, wina akudwazika, ena ali ku maliro, pomwe udzu ukungokula. Kolera ikhoza kupha munthu wamkulu wamphamvu zake, amene m'mawa anali ndi khasu m'manja, kusanache tsiku lotsatira.

Phunziro lino likufotokoza momwe kolera imayendera kuchoka kwa munthu mmodzi mpaka kugwira chigawo chonse, chifukwa chake imakonda dzinja, zoyenera kuchita munthu akayamba kutsekula m'mimba, ndi zomwe ife a sukulu ya alimi tingachite limodzi. Mfundo yaikulu ndi iyi: mvula sibala kolera. Mvula imangokokolola zonyansa za anthu zomwe zili poyera n'kukazithira m'madzi omwe timamwa. Tikaidziwa njira imeneyi, tidziwanso malo oitsekera.

Zomwe tinaona mu 2022 ndi 2023

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga madera ambiri a m'chigawo cha kummwera, ndipo mu Malichi chaka chomwecho kunabweranso namondwe wa Gombe. Zimbudzi zinagwa, zitsime zinadzaza matope, mabanja ambiri n'kusamukira m'misasa. Pa 3 Malichi 2022, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti m'dziko muno mwabuka kolera, wodwala woyamba atapezeka ku chipatala cha boma la Machinga.

Zaka zambiri m'mbuyomo kolera inkatha mvula ikasiya. Ulendo uno sinathe. Inapitirira chilimwe chonse, ndipo pofika Ogasiti inali itafika m'maboma a m'mbali mwa nyanja kumpoto monga Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga. Mvula ya kumapeto kwa 2022 inapeza matendawa ali kale pakati pa anthu, ndipo inawamwaza ponseponse. Pa 5 Disembala 2022 mtsogoleri wa dziko, Lazarus Chakwera, analengeza kuti kolera yasanduka ngozi pa umoyo wa dziko lonse. Mu Januwale 2023 anthu mazanamazana ankadwala tsiku lililonse, sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo panalibe boma ndi limodzi lomwe limene matendawa sanafike. Mu Febuluwale boma linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona ku Lilongwe. Mliri wonsewo unadwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Unaposa mliri wa 2001 mpaka 2002, umene unadwalitsa anthu oposa 33,000 ndi kupha pafupifupi 1,000.

Anzathu oyandikana nafe anakumana ndi zomwezi. Ku Mozambique matendawa anavuta m'chigawo cha Niassa, tsidya la nyanja, komanso mumzinda wa Quelimane namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Ku Zimbabwe anabuka mu Febuluwale 2023. Ku Zambia anayamba mu Okutobala 2023, ndipo pofika Januwale 2024 odwala anachuluka kwambiri moti bwalo la zamasewero la National Heroes ku Lusaka linasandutsidwa malo ochiritsira. Kolera imatsata anthu oyenda: amalonda, asodzi, aganyu ndi opita ku maliro. Malire a boma kapena a dziko saiimitsa.

Pa mliri wathu, pafupifupi anthu atatu mwa 100 aliwonse odwala anamwalira. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati odwala akalandira chithandizo choyenera msanga, omwalira safika ngakhale mmodzi pa 100. Ambiri mwa omwe tinataya anafika ku chipatala mochedwa, ena anathera kunyumba kapena panjira.

Kodi kolera n'chiyani ndipo imalowa bwanji m'thupi?

Kolera imayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Vibrio cholerae. Tinene mosabisa: tizilomboti timatuluka m'manyi ndi m'masanzi a munthu amene ali nato, ndipo munthu wina amadwala akatimeza. Sitiuluka mumpweya ngati chimfine, sitibwera ndi udzudzu ngati malungo. Khomo lake ndi limodzi, pakamwa. Timafika pakamwapo kudzera m'madzi akumwa, m'manja osasamba, m'chakudya, komanso ntchentche zomwe zachoka pa zonyansa n'kutera pa ndiwo.

Munthu akameza tizilomboti, zizindikiro zimayamba pakati pa maola 12 ndi masiku asanu. Chimene chimapangitsa kuti kolera ifale mobisika n'chakuti anthu ambiri omwe atenga tizilomboti sadwala n'komwe, kapena amangotsekula m'mimba pang'ono. Amalima, amapita ku msika, amaphika, koma kwa masiku angapo, mwina mpaka khumi, amakhala akutulutsa tizilomboti nthawi iliyonse akadzithandiza. Choncho sizokwanira kungopewa nyumba yomwe muli wodwala. Pa nthawi ya mliri, zonyansa za munthu aliyense, ngakhale za khanda, tizione ngati zoopsa.

Chifukwa chiyani kolera imakonda dzinja?

Tonse timadziwa zomwe mvula yamphamvu imachita m'munda wopanda akalozera: imakokolola nthaka ya pamwamba n'kukaitaya kumunsi. Zonyansa za kutchire nazo zimayenda chomwecho. Zomwe anthu anasiya kuseri kwa chulu, m'ngalande kapena m'mbali mwa njira zimatsika ndi madzi kupita ku dambo, ku mtsinje ndi m'zitsime zosatetezedwa.

Chachiwiri, zimbudzi zambiri zimagwa. M'madera a mchenga, monga m'mbali mwa nyanja, ndi m'madera osefukira monga m'chigwa cha Shire, dzenje losamangira limagumuka mvula ikalimba. Chimbudzi chikagwa banja lonse limabwerera kutchire. Dzenje likadzaza madzi, zam'kati zimasefukira pabwalo pomwe ana amasewera.

Chachitatu, madzi a pansi pa nthaka amakwera. Chitsime chosazama chomwe chili pafupi ndi chimbudzi chimayamba kulandira madzi ochokera m'dzenjemo, ngakhale madziwo azioneka oyera. Mjigo nawo ukhoza kuipitsidwa ngati simenti yozungulira inang'aluka ndipo madzi akuda akudikha pamenepo.

Chachinayi ndi ntchito yathu yomwe. M'dzinja mlimi amachoka m'bandakucha n'kubwerera dzuwa litapendeka. Kunyumba kungakhale chimbudzi chabwino ndi ndowa ya madzi othira mankhwala, koma kumunda kulibe zonsezi. Ludzu likavuta timamwa pa khwawa kapena pa chithaphwi chapafupi. Mimba ikavuta timalowa m'chimanga. Nthawi ya nkhomaliro timatsukuluza manja m'madzi a mumzere n'kuyamba kudya. Ana amatola mango ogwa pansi n'kudya osatsuka. Pakhala ganyu, anthu khumi kapena makumi awiri ochokera m'midzi yosiyana amamwera chikho chimodzi cha thobwa ndi kusamba m'manja m'beseni limodzi. Nthawi zambiri mpata umene kolera imalowera m'banja la mlimi uli kumunda.

Chomaliza, m'dzinja misewu imaduka ndipo mitsinje imadzaza. Ulendo wa ku chipatala wa ola limodzi umatenga theka la tsiku. Iyinso ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala zitatha, ndipo thupi la munthu wosadya mokwanira, makamaka mwana, silipirira nthawi yaitali.

Momwe kolera imaphera

Tizilombo ta kolera tikafika m'matumbo timatulutsa poizoni amene amachititsa kuti matumbo azikhetsa madzi ndi mchere wa m'thupi m'malo mozilowetsa. Wodwala kwambiri akhoza kutaya lita imodzi ya madzi pa ola limodzi. Magazi amachepa, impso zimasiya kugwira ntchito, mtima n'kulephera. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Zili ngati mbande ya fodya kapena ya tomato yomwe yaokedwa dzuwa likuswa mtengo: ikathiriridwa msanga imadzuka, ikachedwa imauma ngakhale mutathira ndowa khumi.

Zizindikiro zake ndi izi:

- Kutsekula m'mimba kwa madzi okhaokha, kodzidzimutsa ndiponso kwa pafupipafupi. Nthawi zambiri madziwo amaoneka otuwa ngati otsukira mpunga, ndipo m'mimba simupweteka kwenikweni.
- Kusanza.
- Ludzu lalikulu, kuuma m'kamwa ndi lilime.
- Maso kulowa m'kati. Kwa khanda, liwombo limalowanso.
- Khungu la pamimba mukalitsina silibwerera msanga, ndipo zala zimachita makwinya ngati za munthu amene wachapa nthawi yaitali.
- Kukokana kwa minofu ya m'miyendo ndi m'manja.
- Mkodzo kuchepa kapena kusiyiratu, mawu kusasa, kufooka mpaka kukomoka.

Musadikire kuti zizindikiro zonsezi zioneke. Pa nthawi yomwe kolera yamveka m'dera, munthu aliyense amene watsekula m'mimba mwa madzi katatu kapena kuposa pa tsiku limodzi athandizidwe ngati wodwala kolera.

Zoyenera kuchita nthawi yomweyo

Yambani kubwezera madzi m'thupi pomwepo, musananyamuke. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a madzi ogula aja a theka la lita. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono a tiyi asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yomweyo la mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Masupuniwo akhale osasefukira. Lawani: asawawe mchere kuposa misozi, chifukwa mchere wochuluka ndi woopsa makamaka kwa ana.

Mwana wosakwana zaka ziwiri apatsidwe kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akatsekula, pang'onopang'ono ndi supuni. Mwana wa zaka ziwiri mpaka khumi apatsidwe theka la kapu kapena kapu yodzaza. Wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza dikirani mphindi khumi, kenako pitirizani pang'onopang'ono. Mayi woyamwitsa asasiye kuyamwitsa. Thanzi wosungunula akatha tsiku limodzi ndi usiku wake, mutayeni n'kukonza wina.

Kenako nyamukani kupita ku chipatala kapena ku malo ochiritsira kolera, ngakhale ndi usiku, ndipo wodwala azimwabe panjira. Musati tione kukacha. Musataye nthawi ndi makapisozi a pa okala, mankhwala oletsa kutsekula, zitsamba kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi za m'mabotolo, chifukwa zonsezi sizibwezera madzi ndi mchere mu muyezo woyenera. Ku chipatala, amene watha madzi kwambiri amaikidwa diripi, amapatsidwa mankhwala opha tizilombo ngati pakufunika, ndipo ana amalandira mapiritsi a zinki oti amwe masiku 10 mpaka 14. Chithandizo cha kolera m'zipatala za boma n'chaulere. Dziwitsaninso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzathire klorini pakhomo ndi kuyendera oyandikana nanu. Mukhozanso kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni pa nambala yaulere ya 929.

Wodwazika matenda akhale mmodzi kapena awiri, osati mudzi wonse. Zotuluka mwa wodwala zitayidwe m'chimbudzi. Zovala ndi zofunda zake ziviikidwe m'madzi a klorini kapena ziwiritsidwe, ndipo zisachapidwe ku mtsinje kapena pa mjigo. Wodwazikayo asambe m'manja ndi sopo nthawi iliyonse akagwira wodwala, ndipo ngati n'kotheka asakhale iye wophikira banja.

Kutseka njira ya madzi

Madzi onse akumwa, otsukira mbale, otsukira zipatso ndi ofululira thobwa atetezedwe, ngakhale ochokera pa mjigo. Madzi ambiri amaipitsidwa panjira kapena m'nyumba, pomwe zala zalowa m'ndowa kapena masamba aikidwa pamwamba kuti madzi asatayike.

Pothira WaterGuard, thirani kachivindikiro kamodzi ka botolo lake m'ndowa ya malita 20, takasani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope, ayambe adikha, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenako muthire tizivindikiro tiwiri. Klorini wosungunula amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi ali ndi muyezo wakewake, choncho tsatirani zomwe mlangizi wanena ndipo musunge botolo lake pamthunzi, poti dzuwa limamuchotsa mphamvu. Ngati mankhwala palibe, wiritsani madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu.

Sungani madzi m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena m'ndowa yovindikira. Kapu yotungira ikhale ya chogwirira, ndipo isakhale yomweyo yomwera. Popita kumunda, munthu aliyense anyamule chigubu cha madzi otetezedwa okwanira tsiku lonse, monga momwe sitiiwalira khasu. Amene walemba aganyu awakonzere madzi okwanira.

Pali machenjezo awiri okhudza ife alimi. Musasungire madzi akumwa m'chigubu chomwe munali mankhwala a mbewu kapena a ziweto, ngakhale mutachitsuka kangati. Komanso klorini wa ufa asasungidwe pamodzi ndi fetereza, mafuta kapena mankhwala a mbewu, chifukwa zikakhudzana zikhoza kuyaka kapena kutulutsa mpweya woopsa.

Kutseka njira ya chimbudzi

Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, pa mtunda wa mamita 30 kapena kuposa, omwe ndi masitepe pafupifupi 40 a munthu wamkulu. M'dothi logumuka, kumbani dzenje lozungulira osati la makona anayi, ndipo mulimangire ndi njerwa kapena mulukire nsungwi ngati nkhokwe n'kuilowetsa m'dzenjemo. Kwezani dothi kuzungulira chimbudzi, lambulani ngalande yopatutsa madzi, folerani denga kuti mvula isalowe, ndipo pabowo pakhale chivindikiro chothina bwino kuti ntchentche zisalowe ndi kutuluka. Nthawi yabwino yochita zonsezi ndi Seputembala ndi Okutobala, pomwe tikukonza minda. Koma chikagwa pakati pa dzinja, kumbani china chongoyembekezera sabata yomweyo.

Minda ikakhala kutali ndi mudzi, alimi oyandikana minda agwirizane kukumba chimbudzi chimodzi pamalo okwera. Pomwe palibe, gwiritsani ntchito khasu lomwe muli nalo: kumbani kadzenje kakuya masentimita 15 kapena kuposa, kutali ndi mtsinje, dambo kapena ngalande ya mthirira, ndipo mukwirire bwinobwino. Za ana zitoledwe ndi kutayidwa m'chimbudzi nthawi yomweyo. Zonyansa za anthu zosawolerana zisathiridwe m'munda kapena kudimba ngati manyowa.

Kutseka njira ya manja ndi chakudya

Sambani m'manja ndi sopo pa madzi oyenda mukachoka ku chimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye ndiponso musanadyetse mwana. Sopo akasowa, phulusa limathandiza. Mpondagiya savuta kukonza: kachigubu, chingwe, mitengo itatu ndi kamtengo kopondapo. Pakhale wina pafupi ndi chimbudzi, wina pamalo omwe sukulu yathu imakumana.

Chizolowezi chosambira m'manja m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu mpaka mwana, chimapereka litsiro la onse kwa womaliza. Ulemu womwewo ukhoza kuperekedwa pothirira munthu aliyense madzi ndi jagi kapena kapu, beseni lili pansi lolandira madzi akuda.

Chakudya chidyedwe chikadali chotentha, popeza moto umapha tizilombo ta kolera. Mkute ndi ndiwo zogona zitenthetsedwe mpaka zitulutse nthunzi. Nsomba ziphikidwe mokwanira. Mango, magwafa, nkhaka ndi tomato zitsukidwe ndi madzi otetezedwa, ndipo zosendeka zisendedwe. Pa nthawi ya mliri pewani masamba osaphika, maswiti a madzi oundana a m'mapepala, ndi zakudya zozizira za pamsika zomwe zakhalira ntchentche. Ife amene timagulitsa ndiwo zamasamba tikumbukire kuti kuwaza masamba ndi madzi a m'ngalande kuti aoneke atsopano kukhoza kudwalitsa ogula athu.

Pa maliro

Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhala ndi tizilombo tochuluka zedi, ndipo midzi yambiri yalandira matendawa kuchokera pa maliro. N'chifukwa chake azaumoyo ndi amene amakonza thupi ndi klorini wamphamvu, kulikulunga, ndi kuyang'anira kuti liikidwe mwachangu. Izi zimapweteka mtima, poti mwambo wathu ndi wosambitsa ndi kugona pa siwa. Koma amene asambitsa thupi kenako n'kukathandiza kuphika akhoza kudwalitsa khamu lonse. Achibale ali ndi ufulu wopempha kuona nkhope ya m'bale wawo ali chapatali, kupemphera ndi kuperekeza. Mafumu ndi adzukulu agwirizane kuti pa maliro aliwonse m'nyengo ya mliri pakhale madzi a klorini osamba m'manja, ndipo pa maliro a kolera pasaphikidwe chakudya cha gulu.

Katemera ndi mphekesera

Katemera wa kolera ndi wakumwa, ndipo amaperekedwa kwa aliyense wa chaka chimodzi kupita m'tsogolo m'madera omwe ali pa chiopsezo. Mwa dongosolo lake amamwedwa kawiri, koma mu Okutobala 2022, chifukwa cha kuchepa kwa katemerayu padziko lonse, mabungwe omugawa anagwirizana zoti pa nthawi ya mliri anthu azilandira kamodzi kuti afikire ambiri. Katemera amachepetsa chiopsezo koma sateteza kotheratu, ndipo mphamvu yake imatha pakapita nthawi. Wolandira katemera apitirize kuthira mankhwala m'madzi ndi kusamba m'manja.

Pa mliri wa 2022 ndi 2023 kunamveka mphekesera zoti anthu akukafera ku misasa ya kolera chifukwa cha jakisoni kapena diripi, ndipo m'madera ena anthu anafika pochitira chipongwe azaumoyo. Mphekeserazi zinachititsa mabanja ena kubisa odwala mpaka madzi atatheratu m'thupi. Akamwalira atangofika ku chipatala, anthu ankati chipatala ndicho chapha, chonsecho ndi kuchedwa. Kolera si ufiti, ndipo si matenda ochititsa manyazi. Banja laukhondo likhoza kudwala chifukwa cha chitsime chomwe chaipitsidwa ndi ena kumtunda.

Ntchito ya gulu: tiyendere mudzi monga timayendera munda

Pa sukulu yathu sitingolingalira chomwe chadya chimanga. Timalowa m'munda, kuyang'ana masamba, kuwerenga mbozi, kujambula zomwe taona, kenako n'kugwirizana chochita. Njira yomweyi inathandizapo kale pa kolera. Mu 1854, matendawa anapha anthu oposa 600 m'dera la Soho mumzinda wa London. Pa nthawiyo anthu ambiri ankakhulupirira kuti kolera imabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, anayenda khomo ndi khomo kufunsa komwe omwalirawo ankatunga madzi, n'kuika nyumba zawo pa mapu. Anapeza kuti ambiri ankamwa pa pampu imodzi ya mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha pampuyo, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti dzenje la zonyansa lomwe linali pafupi kwambiri linkadonthera m'chitsimecho.

Nafenso tichite chimodzimodzi sabata ino, pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo ndi a mfumu:

1. Gawanikani m'magulu ang'onoang'ono monga mwa nthawi zonse. Jambulani mapu a mudzi ndi minda yake pa pepala lalikulu kapena pansi.
2. Ikani chizindikiro pa malo onse omwe anthu amatunga madzi, kuphatikizapo omwe timamwa tikakhala kumunda ndi kudimba.
3. Ikani zimbudzi zonse, ndipo musiyanitse zabwino, zopanda chivindikiro ndi zakugwa. Onetsaninso malo omwe anthu amadzithandizira poyera, popanda kutchula dzina la munthu.
4. Jambulani mivi yosonyeza komwe madzi a mvula amalowera. Onani mivi imene ikuchoka pa zonyansa n'kukathera pa madzi akumwa.
5. Gwirizanani malo atatu oyamba kukonza, amene atsogolere, ndi tsiku lomaliza.

Musanabalalike, gwirizananinso zinthu zitatu. Choyamba, nyumba iliyonse ya membala ikhale ndi mapaketi a Thanzi osachepera awiri ndi mankhwala othira m'madzi. Chachiwiri, dziwani lero njinga, njinga yamoto kapena ngolo yomwe inganyamule wodwala usiku, njira yodzera mtsinje ukadzaza, ndi komwe ndalama ya mafuta ingachokere, kaya ndi thumba la ngozi la banki mkhonde. Chachitatu, konzani zoti membala akagonekedwa m'chipatala, gulu likamupalirire ndi kumuthirira fetereza pa nthawi yake. Chimanga chikalimbana ndi udzu m'masabata oyamba chitamera, zokolola zimatsika ndipo sizibwereranso. Munthu amene akudziwa kuti anzake amusamalira munda sazengereza kupita ku chipatala. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana

1. Dzulo muli kumunda munamwa madzi ochokera kuti? Nanga ana omwe anakuperekezani?
2. Ndi zimbudzi zingati m'mudzi mwathu zomwe zinagwa dzinja lapitali, ndipo eni ake ankapita kuti?
3. Munthu atayamba kutsekula m'mimba pakati pa usiku lero, Thanzi mumupeza kuti, ndipo ku chipatala mufika nthawi yanji?
4. Ndi miyambo iti ya pa ganyu, pa chinkhoswe ndi pa maliro yomwe tingasinthe m'nyengo ya mliri popanda kuchotsa ulemu?

Pa mkumano wotsatira, gulu lililonse libweretse mapu ake ndi kufotokoza malo omwe akonzedwa ndi omwe atsala. Membala aliyense abwerenso ndi botolo la lita imodzi ndi supuni ya tiyi, kuti tidzayeserere limodzi kusungunula Thanzi ndi madzi a shuga ndi mchere mpaka aliyense adziwe muyezo wake pamtima.